MBIRI YA DECAUVILLE, MLIMI AMENE ANAPANGA NJANJI YONYAMULA PA MANJA

Anthu amene anagwirapo nchito m'migodi, m'minda yaikuru kapena pokumba miyala adziwa bwino tinjanji tating'ono tija, pamene payenda tingolo tacitsulo tokankha ndi manja. Kuyambira kale anthu a m'migodi ya ku Ulaya anali kukankha ngolo pa njanji zokhomera pansi. Koma njanji yopangiratu m'zidutswa, imene anthu angathe kuinyamula m'mawa ndi kukaiyala pena madzulo, inayambira m'munda wa mlimi wina wa ku France, dzina lace Paul Decauville. Kampani yace inapanga njanji zopepuka ndi timitu ta sitima tating'ono, ndipo pambuyo pace inapanga magalimoto oyenda pa njanji. Nchito imeneyi inakhala zaka pafupifupi zana limodzi, ndipo inafika m'maiko ambiri a dziko lapansi.

MVULA YA 1875

Paul Decauville anabadwa m'caka ca 1846 pa Petit-Bourg, pafupi ndi mudzi wa Évry, m'mbali mwa mtsinje wa Seine, kumwera kwa mzinda wa Paris. Atate wace, a Armand Decauville, anali mlimi wa minda yaikuru, ndipo mbeu imene anaidalira koposa inali beet. Mbeu imeneyi iri ndi muzu wonenepa monga mbatata yaikuru, ndipo m'maiko ozizira, kumene nzimbe sizikula, anthu apanga shuga ndi madzi ace. Pa munda pomwepo panali fakitale yoturutsa spiriti m'madzi a beet, ndiponso nyumba yosuliramo zitsulo, m'mene amisiri anali kupanga matanki ndi mbiya zacitsulo zowiritsiramo madzi. Cotero Paul anakula alikudziwa nchito ziwiri, ya khasu ndi ya nyundo. Atate wace atamwalira m'caka ca 1871, munda ndi nyumba yosulirayo zinatsala m'manja mwace, iye ali ndi zaka 25.

M'caka ca 1875 beet anabala kwambiri, koma pa nyengo yokolola mvula inagwa kosalekeza. Akuru anati, walira mvula walira matope. Minda yonse inasanduka thope, ndipo beet wolemera matani 9,000 anali cikhalire m'munda. Gareta lodzala likalowamo, mawilo ace anali kutitimira, akavalo nalephera kulikoka. Cisanu cinali pafupi, ndipo mbeuyo ikadakhalitsa kunja ikadaonongeka, nchito ya caka conse nipita pacabe.

Decauville anaona kuti bvuto linali kulemera kwa gareta, pakuti katundu yense anali kutsamira pa mawilo ocepa, ndipo mawilowo anali kuboola nthaka yofewa. Anaganiza zinthu ziwiri. Coyamba, kugawa katundu m'tingolo tambiri tating'ono, kuti pasakhale malo amodzi osenza kulemera konse. Caciwiri, kuyendetsa tingoloto pa zitsulo, pakuti wilo lacitsulo liyenda mosabvuta pa citsulo cinzace, ndipo munthu mmodzi angathe kukankha katundu amene sangamsunthe konse pa dothi. Anauza amisiri ace kuti atenge zitsulo ziwiri zazitali ndi kuzilumikiza ndi zitsulo zopingasa, kuti cidutswa ciri conse cioneke ngati makwerero ogonekedwa pansi. Mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo unali masentimita 40, ndiko kuti monga mainchi 16. Anchito anayala zidutswazo pamwamba pa thope, nazilumikiza kumapeto, nakankha tingolo kufikira pouma. Akatha mbali imodzi ya munda anali kunyamula njanjiyo ndi kukaiyala mbali yina. Mwa njira imeneyi beet anaturuka m'munda.

MALONDA A NJANJI YOPEPUKA

Mlimi wina akadaunjika zitsulozo kuseri kwa nkhokwe ndi kuziiwala kufikira mvula yina. Decauville anazindikira kuti bvuto la matope siliri la munda wace wokha, ndipo anayamba kupanga njanjizo kuti azigulitse. Njanji yaikuru ifuna anthu oyesa dziko, odula mapiri, othira miyala ndi omanga milatho, ndipo ikamangidwa ikhala pomwepo mpaka kale. Katundu ndiye ayenera kuilondola. Njanji ya Decauville ndiyo inali kulondola katundu. Zidutswa zace, zimene zambiri zinali za mamita 5 m'litali, zinali kufika zopangiratu, zina zoongoka, zina zokhota, zina zopatukira mbali, ndipo anthu osaphunzira za njanji anali kutha kuziyala tsiku lomwelo.

Pambuyo pa mpata wa masentimita 40 anapanganso wa 50 ndi wa 60, ndipo wa 60 ndiwo unachuka koposa. Umenewu ucepa pang'ono pa mafiti 2. Kuti omvera aone kucepa kwace, akumbukire kuti njanji imene inafika ku Kabwe m'caka ca 1906, mzindawo ukali kuchedwa Broken Hill, iri ndi mpata wa mafiti 3 ndi mainchi 6, ndipo njanji zazikuru za ku France ziposa pamenepo.

Ogula anacuruka kotero kuti nyumba yosulira ya pa Petit-Bourg inacepa, ndipo m'caka ca 1881 anatsegula fakitale yaikuru ku Corbeil, kumtunda pang'ono kwa mtsinje womwewo. Njanjizo zinapita kwa oumba njerwa, okumba miyala, odula matabwa, omanga madoko ndi olima nzimbe. Ku Yucatán, m'dziko la Mexico, eni minda ya khonje anayala njanji zotere mamailosi ambirimbiri, ndipo nyuru ndizo zinali kukoka masamba a khonje kupita nao ku makina. Eni mindawo analemera kwambiri, koma anchito ao ambiri anali omangika ndi ngongole zosatha, osaloledwa kucoka. Dzina la mlimi uja linalowa ngakhale m'zinenero za eni: ku Italy kanjanji kali konse kotere akachula decauville, ndipo ku Turkey akachula dekovil.

TIMITU TA SITIMA NDI CIONETSERO CA 1889

Poyamba tingolo tinali kukankhidwa ndi anthu kapena kukokedwa ndi akavalo. Mitunda itayamba kutalika panafunika mutu wa sitima woyendera nthunzi, koma wopepuka, woti sungaphwanye zitsulo zoonda. Timitu toyamba kampaniyo inali kutigula kwa amisiri ena, makamaka a ku Belgium, ndi kutigulitsa ndi dzina lace. Pambuyo pace inayamba kupanga tace ku Corbeil.

Panali cinthu cimodzi cobvuta. Mutu wamphamvu ufuna mawilo ambiri, koma mutu wautali wa mawilo ambiri sungathe kukhota pa njanji yokhotakhota. Injiniya wina wa ku Switzerland, Anatole Mallet, anapeza njira yace. Anagawa mawilo m'magulu awiri, ndipo gulu lakutsogolo analimanga mwakuti lizitha kupotoloka pa lokha potsata njanji. Nthunzi ikatha kukankha mawilo a kumbuyo inali kupita kukakankhanso a kutsogolo isanaturuke kunja, motero malasha ndi madzi sizinali kutha msanga. Decauville anatenga mitu ya mtundu umenewu.

Mwai woionetsa kwa anthu unafika m'caka ca 1889, pamene mzinda wa Paris unacita cionetsero cacikuru ca maiko onse, cimene anamangira nsanja yacitsulo ya Eiffel. Malo a cionetseroco anali otalikirana, ndipo Decauville anapatsidwa nchito yonyamula alendo. Anayala njanji ya masentimita 60 yotalika monga makilomita 3, kucokera pa Esplanade des Invalides, kutsata gombe la Seine, kufikira ku Champ de Mars. Njanjiyo inali kupita pafupi kwambiri ndi mitengo ya m'mbali mwa njira, cotero anapacika zikwangwani m'zinenero zambiri zocenjeza okwera kuti asaturutse mutu kapena mwendo. Pa miyezi 6 ya cionetseroco sitima zazing'onozo zinanyamula anthu oposa 6,000,000. Amene anali kunena kuti kanjanji kotere nkoyenera beet ndi miyala yokha anasowa conena.

Zitatero, maboma a zigawo zina za France anafuna njanji zotere za anthu a kumidzi, cifukwa mtengo wace unali wocepa. Yina inatsegulidwa ku Royan, m'mbali mwa nyanja, m'caka ca 1890. Yina, imene inayamba m'caka ca 1892, inalumikiza Pithiviers ndi Toury, mtunda wa mamailosi monga 20, pakati pa minda ya beet. Pa zaka zimenezo Paul Decauville anali munthu wochuka. Anakhala mkuru wa mudzi wa Évry, ndipo kuyambira 1890 kufikira 1900 anali phungu wa nyumba ya malamulo yochedwa Sénat.

NJANJI YA MLIMI IPITA KU NKHONDO

Cimene cinakondweretsa alimi cinakondweretsanso akuru a nkhondo, pakuti mzinga utitimira m'thope monga momwe licitira gareta la beet. Dziko la France litalanda Tunisia m'caka ca 1881, asilikari ace anayala njanji ya Decauville kucokera ku doko la Sousse kupita ku Kairouan, m'kati mwa dziko. Kuyambira 1912 anacita cimodzimodzi ku Morocco, kumene njanji za masentimita 60 zinalumikiza Casablanca, Rabat ndi Fès zisanamangidwe njanji zazikuru. Kwa eni maikowo kanjanji kameneka kanafika pamodzi ndi mfuti za olanda dziko.

Ku France komweko, anthu sanaiwale kugonja kwao pa nkhondo ya 1870 ndi 1871. Boma linamanga malinga olimba ca kum'mawa, ku Verdun, Toul, Épinal ndi Belfort, ndipo panafunika njira yofikitsira mizinga ndi zipolopolo ku malingawo. Kapitao wina wa asilikari a mizinga, Prosper Péchot, anagwira nchito pamodzi ndi Decauville, nakonza ngolo za mawilo ambiri zotha kusenza mzinga wolemera pa njanji yopepuka. Gulu la nkhondo linabvomereza njira yace m'caka ca 1888. Péchot ndi injiniya wina, Bourdon, anakonzanso mutu wa sitima wa nkhope ziwiri, wokhala ndi cumuni uku ndi uku, woyendetsa ali pakati, umene unali kupita kutsogolo ndi kumbuyo mofanana, wosafuna potembenukira.

Nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918 ndiyo inaonetsa kufunika kwa zonsezi. Asilikari anakhala zaka m'ngalande zokumba, ndipo mizinga inasandutsa minda ndi miseu kukhala thope lokhalokha. Sitima zazikuru zinali kutula katundu kutali, kumene zipolopolo sizifika, ndipo kucokera pamenepo tinjanji ta masentimita 60 ndito tinali kupereka cakudya, madzi, matabwa ndi zipolopolo, pobwerera nkutenga olasidwa. Bomba likadula njanji, asilikari anali kucotsa cidutswa cophwanyikaco ndi kuikapo cina usiku womwewo. Pafupi ndi adani, utsi ndi moto wa mutu wa nthunzi zinali kuulula pamene sitima iri, cotero kumeneko anali kutumizako timitu toyendera petulo. Mafakitale a ku France sanathe kukwanitsa zofunika zonse, ndipo kampani ya Baldwin ya ku America inapanga mitu 280 ya mtundu wa Péchot-Bourdon. Asilikari a Germany anali ndi njanji zao za mpata womwewo, ndipo a Britain anatsata m'caka ca 1916. Nkhondo itatha, zitsulo ndi timitu tambiri totsala tinagulitsidwa kwa alimi a kumpoto kwa France, ndipo tinabwerera ku nchito yonyamula beet.

MWINI ACOKA, KAMPANI ITSALA

Paul Decauville sanaone zonsezi ali pa mpando. Kupanga njanji ndi kuigulitsa kunali ndi phindu, koma kuyendetsa sitima za anthu m'midzi ya anthu ocepa kunali kudya ndalama. Kampani inalowa m'mabvuto a cuma, ndipo zisanathe zaka 10 kucokera pa cionetsero ca Paris, mwini wace anacoka pa utsogoleri. Njanji ya Pithiviers inatengedwa ndi boma la cigawoco. Iye anagwira nchito zina, namwalira m'caka ca 1922.

Kampaniyo inayesanso malonda ena. Anapanga njinga, ndipo kuyambira 1898 anapanga magalimoto ang'onoang'ono. Imodzi ya magalimotowo inagulidwa, itagwirapo kale nchito, ndi mmisiri wa zamagetsi wa ku Manchester, Henry Royce. Iye sanakhutire nayo, ndipo ataiphunzira bwino anatsimikiza mtima kupanga yace yoposa imeneyo. Anaitsiriza m'caka ca 1904, ndipo caka comweco anakomana ndi Charles Rolls. Ndipo panayambira dzina la Rolls-Royce. Koma Decauville analeka kupanga magalimoto a pa mseu nkhondo ya 1914 isanayambe, nabwerera ku nchito ya njanji.

MAGALIMOTO A PA NJANJI

Nkhondo yoyamba itapita, njanji za kumidzi zinapeza mdani watsopano, ndiye basi ndi lori. Sitima ya nthunzi ifuna kusonkhera moto maora angapo isananyamuke, ifuna woyendetsa, wosonkha moto ndi woyang'anira okwera, ifunanso malasha ndi madzi m'njira, ngakhale okwera akhale khumi okha. Basi ifuna munthu mmodzi kapena awiri, ndipo iima pakhomo. Anthu anayamba kusiya sitima.

Yankho la amisiri a ku France linali galimoto ya pa njanji, imene iwo aichula autorail. Imeneyi ndi ngolo imodzi ya anthu yokhala ndi injini yace m'kati, ya petulo kapena ya dizilo. Iri yopepuka, inyamuka msanga, iima msanga, ndipo zambiri ziri ndi poyendetsera ku mbali zonse ziwiri, kotero kuti ikafika kumapeto woyendetsa angosamukira mbali yina. Makampani ambiri analowa m'nchito imeneyi. Renault anapanga zambiri, Michelin anayesa za mawilo a mphira, Bugatti anapanga zothamanga kwambiri, ndipo kampani ya Billard ya mumzinda wa Tours inachuka ndi zing'onozing'ono za njanji zopapatiza, monga za pa cisumbu ca Corsica.

Decauville analowamo naye. Nkhondo yaciwiri iri pafupi kuyamba, anapanga magalimoto a pa njanji m'mene injini ya dizilo ipanga magetsi, ndipo magetsiwo ndiwo azunguza mawilo. Amenewa anagwira nchito zaka zambiri m'mapiri a Alps, kuzungulira mzinda wa Grenoble. Njanji zazikuru za France zinaphatikizidwa m'caka ca 1938 kukhala bungwe limodzi lochedwa SNCF, ndipo nkhondo itatha bungwelo linafuna mitundu yocepa yofanana m'dziko lonse. Kuyambira 1951 fakitale ya ku Corbeil inapanga magalimoto 79 a mtundu wa X 2400, ali yense ndi mainjini awiri. M'caka ca 1957 inaturutsa oyamba a mtundu wa X 2800, okhala ndi injini imodzi yamphamvu yokwerera mapiri. Decauville anapanga 16, Renault napanga otsalawo, onse pamodzi 119, ndipo omariza analeka nchito m'caka ca 2009, mtunduwo utatumikira zaka zoposa 50.

Ena anapita kunja. Ku Greece kuli kanjanji ka masentimita 75 kocokera ku Diakopto, m'mbali mwa nyanja, kukwera m'cigwa cozama kufikira ku Kalavryta. Pena potsetsereka kwambiri pali citsulo cacitatu ca mano pakati pa njanji, cimene wilo la mano ligwira kuti sitima isaterereke. Kumeneko magalimoto a Billard anayamba kulowa m'malo mwa mitu ya nthunzi, a Decauville nafika m'caka ca 1967, ndipo onsewo anagwira nchito pamodzi kufikira atabwera atsopano m'caka ca 2009.

MATHERO ACE

Njanji zazing'ono za m'minda sizinathe kulimbana ndi lori ndi thirakitala. Mawilo a mphira otambalala ayenda pa nthaka yofewa popanda woyala zitsulo, ndipo lori itenga katundu pa munda ndi kukamtula pa fakitale osamtsitsa m'njira. Njanji ya Pithiviers, imene inanyamula beet zaka 72, inatsekedwa pa kutha kwa caka ca 1964. Anthu okonda sitima anapempha cigawo cace cacifupi, ndipo m'caka ca 1966 anayamba kuyendetsapo alendo ndi kusungirapo timitu takale. Kampani ya Decauville nayo inaleka nchito ya njanji m'zaka zotsatira. Dzina lace linaphatikizidwa ndi la kampani ya Marrel, ndipo ku Corbeil anayamba kupanga mabokosi acitsulo a malori okhuthula mcenga ndi miyala.

Pa zonse zimene kampaniyo inapanga, cimene cinafika kutali koposa ndi cija coyamba, ca m'munda wa beet. Paul Decauville sanali injiniya wa sitima. Anali mlimi amene mbeu yace inali kuonongeka, ndipo anali ndi amisiri ndi zitsulo pakhomo pace. Anagawa katundu wolemera m'tingolo tating'ono, napanga njira yoti anthu ainyamule ndi kuiyala pamene afuna. Nzeru imeneyi inathandiza alimi ndi okumba miyala, inalemeretsa eni minda ya khonje, inasenza mizinga ya olanda maiko, ndiponso inaturutsa olasidwa m'ngalande za nkhondo. Mmisiri amene akankha kangolo pa tizitsulo tiwiri m'mgodi kapena poumba njerwa agwira nchito ndi ciwiya ca mtundu womwewo umene unapulumutsa beet wa pa Petit-Bourg m'caka ca 1875.